"Awa mukagule": zomwe ndinaona m'chipinda cha mankhwala

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa kwathu kuno. Ndi mayi wolimbikira, amene analera ana ake ndi a abale ndi benchi limodzi lomwelo. BP anawapeza nayo kalekale, moti kabuku kawo ka kuchipatala kanadzaza, n'kugula kena, n'kutimanga tonse tiwiri ndi labala. Chaka chatha, nyengo yozizira, anagwa ali pabenchi pompo. Sanakomoke ayi. Dzanja lamanzere linangolemera, pakamwa n'kupotoka, mawu n'kumatuluka osamveka. Amayi anzawo a pamsika ndiwo anawanyamula, ndipo pamene uthenga unkandipeza kuntchito ku Limbe n'kuti atawatumiza kale kuchipatala chachikulu cha Gulupu.

Madzulo ake ndinapita kunyumba kwawo kukatenga zitenje, bulangeti, ndowa ndi kapu, katundu wa gadiyani uja. Pawindo la kuchipinda panali kambale ka pulasitiki. M'kambalemo munali lezala ndi timapilitsi toyera todulidwa pakati, tina titanyenyeka kusanduka ufa.

Atayamba kulankhulako momveka ndinawafunsa.

"Azakhali, mapilitsi aja mumaduliranji?"

"Iwe mwana, akakupatsa a masabata awiri pomwe mwezi uli ndi masabata anayi, ungatani? Otsalawo amati ndikagule. Ndiye ndigule mankhwala kapena ndipikule tomato?"

Ndinatsegula timabuku tija. Tsamba lililonse linali ndi BP ya tsikulo, pansi pake mayina awiri a mankhwala, ndipo pambali pa dzina limodzi, nthawi zina pa onse awiri, panali zilembo zomwe aliyense woyenda m'zipatala za boma amazidziwa: O/S, kutanthauza kuti mankhwalawo kulibe. Azakhali sankajomba. Mwezi uliwonse ankalawirira, kusiyira mnzawo benchi, kukaima pamzere mpaka dzuwa kufika paliwombo. Mbali yawo ankaikwaniritsa.

Ndinapita kukafunsa

Ine ntchito yanga ndi ya maakaunti pakampani ina yaing'ono. Ndinazolowera kuti chinthu chikasowa pamakhala pepala lonena komwe chinathera. Choncho azakhali atatuluka, ndinapempha tchuthi n'kupita kuchipatala chathu chaching'ono, komwe ankalandirira mankhwala. Ndinadikira panja mpaka mzere unatha, dzuwa litapendeka kale.

Woyang'anira pamalopo ndi mayi wa msinkhu wanga, amene odwala onse amangomuti adokotala. Ndinamupeza asanadye. Chinangwa chophika chinali chikadali m'kajumbo patebulo, pambali pa mulu wa makadi. Nditamupatsa kabuku anangoona dzina n'kugwira pachifuwa.

"Amayi a tomato aja? Ayi, pepani kwambiri achemwali. Panopa ali bwanji?"

Ndinamufotokozera, ndipo za lezala zija sindinabise. Anakhala chete kanthawi, kenako anatenga makiyi m'thumba la yunifomu.

"Tabwerani muone."

Chipinda cha mankhwala ndi chaching'ono, chozizirira, cha mashelefu achitsulo mbali zonse ziwiri. Kudzanja lamanja makatoni anali atasanjidwa mpaka kufupi ndi denga: ma ARV, LA wa malungo, zoyezera malungo, mankhwala a TB, za kulera. Kumanzere mashelefu ambiri anali mbee. Pamalo pa mankhwala aliwonse panali khadi lake lili lendelende, pansi pake popanda kanthu. Anachotsa khadi la amlodipine, mankhwala a BP, n'kundipatsa. Linali lolembedwa bwino, ndi dzanja losamala: tsiku lomwe analandira, kuchuluka kwake, zotuluka tsiku ndi tsiku, ndi tsiku lomwe anathera. Kenako anatsegula fayilo ya maoda. Mzere wina unali wa zomwe anaitanitsa, wina wa zomwe zinabwera. Ndinatsetsereka ndi chala mpaka pansi. Malo ambiri mumzere wachiwiri anali ndi nambala yochepa kuposa ya mumzere woyamba, ndipo malo ena anali ndi ziro.

"Tikalandira ochepa timagawa pang'onopang'ono kuti aliyense apezeko. Ndikapatsa munthu mmodzi a mwezi wathunthu, mnzake wa kumbuyo abwerera chimanjamanja. Inu mukanatani, achemwali?"

Ndinalibe yankho, ndiye ndinafunsa funso la ntchito yanga.

"Nanga adokotala, bajeti ya pano ndi ndalama zingati pamwezi?"

"Ya pano? Ife ndalama sitiziona. Babu likapsa timalemba kalata. Mpopi ukathyoka timalemba kalata. Mabatire ali m'makina oyezera BP awa ndinagula ndekha Loweruka."

Analankhula osadandaula, ngati akunena za nyengo. Ine mawuwo anandilowa mpaka lero. Malo amene amalandira anthu mazanamazana tsiku lililonse, amene amachiritsa amayi usiku, amene amabaya ana katemera, alibe ngakhale kandalama kogulira mabatire. Munthu amene boma lamudalira kusunga miyoyo ya dera lonse silinamudalire kusunga ndalama ya babu.

Kuchokera tsiku limenelo funso langa linasintha. Ndinasiya kufunsa kuti mankhwala a azakhali anapita kuti. Ndinayamba kufunsa kuti ndalama zimaima pati.

Njira yomwe ndalama zimadzera

Nyumba ya Malamulo ikavomereza bajeti, ndalama za zaumoyo zimagawanika panjira. Gawo lalikulu ndi malipiro a ogwira ntchito. Lina limapita ku likulu la unduna, lina kuzipatala zazikuluzikulu: Gulupu, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Lotsala ndi la maboma. Kuyambira pomwe dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu mu 1998, zipatala za m'maboma zinayamba kusamutsidwira m'manja mwa makhonsolo. Ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zomwe a m'boma amazitcha ORT, zimafikira ku ofesi ya zaumoyo ya boma lililonse. Ndi za mafuta a ambulansi, magetsi, madzi, chakudya cha ogonekedwa, sopo, kukonza zowonongeka. Zikafika pamenepo zafika. Kawirikawiri chipatala chaching'ono chimalandira katundu ndi ntchito, osati ndalama.

Za mankhwala zili ndi njira yakeyake. Zambiri sizifika n'komwe ku khonsolo ngati ndalama zogwirika. Zimalipiridwa ku Central Medical Stores Trust, komwe maboma amaoda mankhwala, ndipo kagawo kochepa ndiko kamasiyidwa kuti boma ligulire kwina pamene kumeneko kulibe. Mankhwala ambiri timagula kunja, ndi madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, itagwetsedwanso kale mu Meyi 2022. Nambala ya pabajeti ikhoza kukhala yomweyo kapena kukwerako, koma makatoni otsika mulole amachepa.

Tsono ganizirani bwana wa zaumoyo amene walandira ndalama za mwezi mochedwa, kapena zoperewera. Ali ndi zipatala makumimakumi. Ayamba ndi mafuta a ambulansi, chifukwa mayi akutaya magazi sangadikire. Kenako magetsi, kuti katemera asawonongeke mufiriji. Kalata ya mpopi wothyoka ikhala pansi pa mulu. Sindikunena kuti munthu ameneyu ndi woipa mtima. Aliyense atakhala pampandopo angasanje chimodzimodzi.

Ife a mu Blantyre izi timazidziwa ndi madzi. Ambiri amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry mumtsinje wa Shire, kukwera mtunda wonsewo, ndipo akachepa, amene ali kumapeto kwa paipi, m'mphepete mwa mapiri, ndiwo amayamba kuuma ndi kumaliza kulandira. Chipatala chaching'ono chili kumapeto kwa paipi ya ndalama, chonsecho ndi khomo loyamba la munthu wosauka.

Komanso madziwo ndi ochepa kuchokera kugwero. Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti K15 pa K100 iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo. Zaka zambiri bajeti yathu yakhala ikuperewera pa mlingo umenewo.

Mzinda wopanda chipatala chapakati

Pali china chomwe chimapangitsa nkhaniyi kuwawa kwambiri kuno kusiyana ndi kwina. Chiradzulu ili ndi chipatala chake cha pa boma. Thyolo, Mulanje, Mwanza, Chikwawa chimodzimodzi. Blantyre ilibe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda mokha, ndi ena oposa 450,000 kumidzi ya boma lino. Anthu onsewa akadwala amayambira ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni, Limbe, South Lunzu, Mpemba, Chileka, Mdeka ndi zipatala zina zotero. Zikakanika pamenepo palibe poima pakati. Ndi ulendo wa ku Gulupu basi, chipatala chomwe chinatsegulidwa mu 1958, chomwe chimalandiranso odwala ochokera m'maboma ena a kummwera ndi kuphunzitsa madokotala.

Kotero zipatala zazing'ono za mumzinda uno zimasenza katundu amene kwina amasenzedwa ndi chipatala cha pa boma, koma m'mabuku a ndalama ndi zazing'ono ndithu. Tinaziona bwino nthawi ya kolera. Mliri womwe unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iwo. Matenti anamangidwa pabwalo la zipatala zomwezi, anamwino omwewa ndiwo ankaika madiripi usiku wonse. Tisanapume, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ovulala, osowa pokhala, amene mabotolo awo a ma ARV anapita ndi matope, onse anathamangira kuchipatala chapafupi.

Ndiye pali ichi, chomwe anzanga ambiri a mumzinda amadabwa ndikawauza. Zipatala zazing'ono za boma zomwe timapitako m'makomboni muno zimayang'aniridwa ndi ofesi ya zaumoyo ya khonsolo ya boma la Blantyre, osati khonsolo ya mzinda. Khansala amene tinamuvotera mu Seputembala 2025 amakakhala ku Civic Centre kukambirana misika, zinyalala ndi misewu. Bajeti yokhudza chipatala cha m'dera lake imakambidwa kunyumba ina. Munthu wa ku Ndirande kapena ku Bangwe akafuna kufunsa za mankhwala, sadziwa chitseko chogogoda.

Chifukwa chake mbali imodzi inali yodzaza

Makatoni a kudzanja lamanja aja si a msonkho wathu kwenikweni. Ma ARV, mankhwala a TB ndi a malungo ambiri amagulidwa ndi thandizo la Global Fund ndi boma la America. Katemera wa ana amathandizidwa ndi bungwe lakunja la Gavi. Mukaphatikiza ndalama zonse zomwe zimalowa mu zaumoyo m'dziko muno, zoposa theka zakhala zikuchokera kunja.

Ine sindinyoza thandizo limeneli. Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, ndipo amene tinakula zaka za m'mbuyo mwake tikukumbukira momwe maliro ankatsatizanirana m'mizere ya nyumba zathu, momwe opala mabokosi anachulukira m'mbali mwa misewu. Ndili ndi abale amene lero akulera zidzukulu chifukwa cha makatoni amenewo.

Koma wopereka amasankha nthenda. BP, shuga, mphumu, khunyu, zilonda wamba, chibayo cha munthu wamkulu, izi zinatsalira ife eni ake. Ndipo si nthenda za anthu ochepa. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'dziko muno ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Anthu amaganizabe kuti BP ndi nthenda ya mabwana a ku Namiwawa ndi ku Sunnyside. Pitani pamzere wa kuchipatala chaching'ono tsiku la kiliniki ya BP mukaone: ndi ogulitsa makala, alonda, amayi ochapa m'nyumba za anthu, agogo olera ana amasiye. Shelefu yopanda kanthu ija ndi yawo, ndipo ndi shelefu yomwe inali udindo wa bajeti yathu.

Mbali yodzaza ija nayo si yodalirika monga tinkaganizira. Nkhani ya Cashgate, ya kubedwa kwa ndalama za boma, itaphulika mu 2013, mayiko othandiza anasiya kuthira ndalama m'thumba la boma mwachindunji, n'kuyamba kudzera m'mabungwe ndi m'mapulojekiti. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo chaka chomwecho bungwe la USAID linatsekedwa. Anthu ena amene tinkawaona m'zipatala tsiku lililonse, oyeza magazi, olemba makaundula, oyendera odwala m'makomo, zinadziwika pamenepo kuti sankalipidwa ndi boma. Ambiri anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Ntchito yawo inagwera namwino yemweyo amene anali kale ndi mzere wake.

Zaulere zomwe amalipira wosauka

Timanyadira kuti chithandizo m'zipatala za boma ndi chaulere, ndipo ndi chinthu choyenera kunyadira. Koma tiyeni tiwerengetse bwino. Tsiku la kuchipatala ndi tsiku lopanda malonda. Pali ya kabaza kupita ndi kubwerera. Ukauzidwa kuti ukagule, pali ya minibasi kukafika kufamase, ndi mtengo wa mankhwalawo, womwe umakwera kwacha ikangotsika. Amene alibe amalowa pagolosale n'kugula panado kuti mutu usiye kuwawa, BP ili pompo.

Kwathu nkhaniyi inatidyera zambiri. Benchi linatsekedwa miyezi ingapo, mpamba unathera mu mayendedwe. Mdzukulu wawo wamkazi anajomba kusukulu teremu yonse kuti aziwasambitsa ndi kuwaphikira. Mafizo, olimbitsa ziwalo zofooka, amafuna kupita mobwerezabwereza, ndipo munthu wofooka mbali imodzi sakwera kabaza, pamafunika galimoto. Panopa azakhali akuyenda ndi ndodo, dzanja likugwirako pang'ono, mankhwala ndikuwagulira ine mwezi ndi mwezi. Iwo ali ndi mwana wa achimwene awo wolandira pamwezi. Mnzawo wa benchi loyandikana alibe.

Boma nalo linalipira. Bedi la ku Gulupu, zoyeza, nthawi ya madokotala ndi anamwino, chakudya cha masiku onse amene anagonekedwa. Amlodipine ndi HCTZ, onse a BP, ali m'gulu la mankhwala otsika mtengo kwambiri akagulidwa ochuluka. Kwa munthu wa maakaunti ngati ine, apa ndi pomwe mtima umawawira kawiri: tinakana kulipira zochepa pakhomo loyamba n'kukalipira zambiri pakhomo lomaliza, munthu atalumala kale.

Anzanga ena a kuntchito amati yankho ndi loti anthu azilipirako kangachepe. Amati chaulere sichilemekezedwa. Ine ndimakana, ndipo ndimakana ndi mtima wonse. Amene angathe kulipira anachoka kale pamzere uja. Ali ku Mwaiwathu, ku Adventist, m'makiliniki a m'tauni, ndi makhadi awo a inshuwalansi ya chipatala ya MASM. Otsala pabenchi la chipatala cha boma ndi amene amawerenga makobili asanakwere kabaza. Msonkho akulipira kale, pa sopo, pa mayunitsi a foni, pa chiphaso cha pamsika tsiku lililonse. Ndipo tili ndi umboni wa kwathu konkuno. Kuyambira cha mu 2006 boma linayamba kupanga mapangano ndi zipatala za mishoni za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa osalipira, boma n'kumabweza ndalamazo, ndipo amayi ochilira kuchipatala m'madera amenewo anachuluka. Ku Neno ofufuza anatsatira zomwe zinachitika pamene zipatala zina zinayamba kulipiritsa kenako n'kusiya: odwala anachepa kwambiri malipiro atayamba, n'kubwereranso atachotsedwa. Matenda sanachepe ayi. Anthu ankangodwalira kunyumba.

Nanga akuba?

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga izi akuti, mayi inu, mukawapatsa ndalama m'manja si ndiye aziba bwino? Umbava wa mankhwala ulipo, sindingaubise. Tonse tinaonapo mapilitsi a chizindikiro cha boma akugulitsidwa m'misika ndi m'timakiliniki tosadziwika bwino, ndipo unduna unachita kukhazikitsa nthambi yofufuza za kuba mankhwala. Wogwidwa alangidwe, ndipo chilango chake chikhale chowawa, pakuti wakuba mankhwala amapha.

Koma taonani momwe zilili panopa. Odwala sadziwa kuti kunabwera mankhwala angati. Sadziwa kuti chipatala chawo chinayenera kulandira zingati. Akauzidwa kuti kulibe, sangasiyanitse ngati sanabwere kapena anatulukira khomo la kuseri. Mdima umenewu umabisa wakuba, ndipo umapaka matope wosalakwa. Namwino amene wagula mabatire ndi ndalama zake amatukwanidwa pamzere mofanana ndi amene wabisa katoni m'chikwama. Kusunga ndalama zonse pamalo amodzi, kutali ndi maso a eni chipatala, sikunathetse kuba. Cashgate sinachitikire pachipatala chaching'ono.

Njira ina ilipo, ndipo si yachilendo. Sukulu za pulayimale za boma zakhala zikulandira kandalama kotukulira sukulu, ka SIG, mu akaunti yawoyawo kwa zaka zoposa khumi tsopano. Ahedi ndi komiti ya makolo amakhala pansi, amagwirizana zogula, amasainira limodzi. Mavuto alipo, kuchedwa kulipo, koma sukulu ikhoza kugula choko ndi kukonza chitseko osadikira kalata. Ku Tanzania zipatala zazing'ono zinayamba kulandira ndalama mwachindunji mu akaunti zawo cha mu 2017 ndi 2018. Kuno kwathu ndondomeko yotereyi inayesedwa ku Rumphi, ndipo mapulani a unduna a zaka za 2023 mpaka 2030 amaitchula. Pa mapepala tinavomereza kale. Chomwe ndikufuna ine n'choti ifike m'makomboni a Blantyre ndi ndalama zenizeni, zochokera m'bajeti yathu, zobwera pa nthawi yake, osati pulojekiti ya zaka zitatu yomwe idzathe wopereka akatopa.

Sindikunena kuti akaunti idzadzaza mashelefu onse. Mankhwala ambiri azigulidwabe pamodzi, ndi momwe amatsikira mtengo, ndipo thumba lalikulu likapanda kukula palibe chisinthe kwenikweni. Koma babu, mpopi, mabatire, sopo, gasi wa firiji, mafuta a njinga yamoto ya alangizi a zaumoyo, ndi botolo la mapilitsi a BP lotsekera mpata pamene lole yachedwa, izi siziyenera kudikira siginecha ya munthu amene sanapondepo pamalopo.

Ku komiti

Ndisanatuluke tsiku lija adokotala anandiuza kuti pachipatalapo pali komiti ya anthu a m'dera, ndipo misonkhano yake aliyense akhoza kufikapo. Ndinayamba kupita. Timakumana pakhonde la sikelo masana, amayi ndi ana atapita. Wapampando ndi bambo wachikulire wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, amene amabwera ndi kope lake la chikuto cholimba. Pali amayi awiri a mpingo, mnyamata wa kabaza, nthumwi ya amfumu, ndi mlangizi wa zaumoyo. Ena mwa iwo amaitanidwa lole ya mankhwala ikafika kuti adzaone makatoni akutsitsidwa ndi kusainira. Ntchito yonseyi ndi yongodzipereka.

Chomwe chinandikhudza n'choti anthuwa amadziwa zonse. Amadziwa chimbudzi chomwe chinadzaza, amadziwa kuti amayi odikirira amaphikira pamtetete mvula ikamagwa, amadziwa mwezi umene malungo amachuluka. Kope la wapampando ladzaza ndi mfundo zabwino. Kumapeto kwa mfundo iliyonse kuli mawu amodzimodzi: tilembe kalata.

Tsiku lina tinakambirana za ndalama za chitukuko cha m'dera, za CDF zija. Mnyamata wa kabaza ananena zomwe tonse tinkaganiza.

"Bambo wapampando, nyumba amatimangira, ndipo timathokoza. Koma nyumba ili ndi pojambulitsa chithunzi. Mapilitsi a agogo alibe riboni yodula."

Wapampando analemba mawuwo m'kope. N'zoona, m'dziko muno muli nyumba zambiri za zipatala zomwe zinamangidwa n'kukhala nthawi yaitali zosatsegulidwa chifukwa palibe anaganiza za namwino, madzi ndi mankhwala ake. Kumanga kumachitika kamodzi. Kuyendetsa ndi kwa mwezi uliwonse, ndipo ndi kumene bajeti yathu imafookera.

Chinthu chimodzi chomwe sichinkafuna ndalama tinachichita. Tinapempha kuti Lolemba lililonse pakhomo pazimatidwa pepala la mankhwala omwe kulibe sabata imeneyo, lolembedwa m'Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu. Adokotala anavomera. Pepalalo silichiritsa munthu, koma mayi wa geni akaliona m'mawa amadziwa msanga choti achite, ndipo mnyamata uja amalijambula pafoni n'kuliponya pagulu la WhatsApp la m'dera. Chinanso n'choti mapepalawo tikuwasunga. Akuunjikana mufayilo, sabata ndi sabata, ndipo akuonetsa poyera mankhwala omwe amasowa kawirikawiri ndi kutalika kwa nthawi yomwe amasowa.

Fayilo imeneyi ndi yomwe tikufuna kupita nayo kwa phungu wathu bajeti ya chaka chamawa isanakambidwe, pakuti chaka cha boma chimayamba mu Epulo ndipo zokambirana zimayamba miyezi ingapo m'mbuyo mwake. Kalata yake tikailembera pamsonkhano wa mwezi wamawa. Tagwirizana kuti tikafunse kuti chipatala chathu chinawerengeredwa ndalama zingati chaka chino, zingati zinafika, ndiponso kuti akaunti yake idzatsegulidwa liti. Wapampando wandipatsa ine ntchito yokonza manambala.